Makampani Atatu a Ndege a Caka ca 1964

Ana a m'boma la Chongwe adziwa bwino mkokomo wa ndege, pakuti bwalo lalikuru la ndege la dziko la Zambia liri m'boma lao, pafupi ndi mseu waukuru wopita ku Chipata. Koma kodi mudafunsapo kuti ndege zimenezi eni ace ndani? Ndege ndi cinthu ca mtengo wapatali, ndipo kawirikawiri mwini wace ndi kampani kapena boma.

Kuyambira caka ca 1946 maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, anali ndi kampani imodzi yochedwa Central African Airways, imene likuru lace linali ku Salisbury, mzinda umene lero tiucha Harare. Citaganya ca maiko atatuwa citatha kumapeto kwa 1963, dziko liri lonse linafuna kuona dzina lace pa ndege. Motero m'caka ca 1964 munabadwa makampani atatu ngati ana a mai mmodzi: Zambia Airways, Air Malawi ndi Air Rhodesia. Anakhala m'manja mwa mai wao kufikira 1967, pamene ali yense anayamba kudziimira yekha. M'caka comweco bwalo la ku Chongwe linatsegulidwa.

Zambia Airways inayamba ndi ndege zocepa: za mtundu wa DC-3, ndi tina tating'ono tochedwa Beaver. Musatipeputse timeneti. Beaver iri ndi injini imodzi yokha, koma itha kutera pa bwalo lalifupi la dothi, ndipo inkafikitsa anthu ndi makalata kumadera kumene galimoto likadatitimira m'matope nthawi ya dzinja.

Posacedwa dziko linaona kuti ndege si za apaulendo okha. Azungu a ku Rhodesia atadzitengera ulamuliro pa 11 November 1965, mafuta a galimoto analeka kufika ku Zambia kudzera kumwera. Ndege za ku Britain, Canada ndi America zinayamba kututa mafuta m'migolo. Pambuyo pace ndege zazikuru za katundu zochedwa Hercules zinkanyamula mkuwa kupita nao ku Dar es Salaam, ndi kubwerako ndi mafuta. Kututa mkuwa wolemera cotere mlengalenga kunadya ndalama zambiri, koma njira zina zinali zocepa.

Mu 1984 Zambia Airways inalandira ndege yaikuru ya DC-10, naicha Nkwazi, dzina la mbalame ya pa mbendera yathu. Inkauluka kufikira ku London ndi ku New York. Koma mafuta, zitsulo ndi malipiro a anchito zinaposa ndalama za matikiti, ngongole zinacuruka, ndipo mu December 1994 kampaniyo inatsekedwa. Air Malawi inalimbikira kufikira 2013. Air Rhodesia inasanduka Air Zimbabwe mu 1980.

Bwalo la ku Chongwe linapatsidwa dzina la Kenneth Kaunda mu 2011. Mu December 2021 dzina la Zambia Airways linaulukanso kucokera pomwepo, pa kampani yatsopano imene boma la Zambia linakhazikitsa pamodzi ndi Ethiopian Airlines.