AMAYI ANADZIFUFUZIRA OKHA ZA MANKHWALA

Owerenga ambiri akumbukira kuti m'chaka cha 2004 Boma linayamba kugawa mwaulere mankhwala otalikitsa moyo kwa anthu okhala ndi kachilombo ka HIV. Maliro anachepa ndithu m'midzi. Koma m'mibulu yoyambayo munali mankhwala otchedwa stavudine, amene anavulaza matupi a anthu ena. Masaya ankalowa, miyendo ndi matako kufota, mimba kukula, mapazi kutentha monga waponda makala. Mayi wotere akafika pachitsime anzake ankadziwa matenda ake iye asanayankhule. Akadandaula kuchipatala, kawirikawiri ankauzidwa kuti athokoze poti ali moyo. Tsono ankabwerera kwawo, nakalirira m'nyumba.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza m'chaka cha 2010 kuti mankhwalawa asiyidwe. Koma atsopanowo, otchedwa tenofovir, anali okwera mtengo, kotero kuno kwathu mu 2011 anayamba kupatsidwa kwa amayi apakati ndi ena owerengeka okha.

Pamenepo amayi odwala, mothandizana ndi mabungwe a JASS ndi MANERELA+, anayamba kusonkhana. Pamisonkhanopo mayi ankajambula thupi lake papepala, nasonyeza pamene pamapweteka. Misozi inagwa yambiri. Koma m'mene aliyense anaona kuti chithunzi cha mnzake chifanana ndi chake, manyazi aja anasanduka mkwiyo.

M'chaka cha 2012 amayiwa sanadikire akatswiri a m'tauni. Anayenda okha m'maboma, nafunsa anzawo oposa 800. Taonani nzeru yake: munthu wovala malaya oyera atanyamula cholembera, wodwala amamuyankha zomukondweretsa, pakuti amaopa kumanidwa mankhwala. Koma wofunsayo akakhala mnzako wa masaya olowa ngati ako, ubisiranji? Zimene anamva anazilemba ndi kuziwerenga, chifukwa akuluakulu a mu ofesi misozi yokha saiwerengera, amafuna manambala.

Chaka chomwecho anasonkhana ku Lilongwe, natula nkhaniyo kwa akulu a zaumoyo, ndipo inafikanso kwa Pulezidenti wa nthawiyo, Mayi Joyce Banda. Tisaiwale kuti kuyimirira pagulu ndi kunena za thupi lako si chinthu chapafupi. Mawa lake akuluakulu anabwerera ku maofesi awo, koma mayi wolankhulayo anabwerera kumudzi kumene apongozi ndi anansi amva kale.

Sitinganene kuti amayiwa anachita okha. Madokotala ambiri ankafunanso kusinthako, ndipo ndalama zogulira mankhwala zinkachokera makamaka ku thumba lakunja la Global Fund. Komabe mu 2013 Boma linayamba kusinthira anthu onse ku mankhwala atsopano. Amayi aja sanalekere pomwepo: anapitiriza kuyendera zipatala za m'midzi mwawo kukaona ngati mankhwalawo afikadi.