Galimoto yoyenda ngati nkhanu: vuto lili pa ekiselo yakumbuyo

Mukadzaima pa Jenda kapena pa Mzimba boma, mudzayang'anitsitse mapikiapu akale a matola akamanyamuka. Mwina mudzaona ina ikuyenda chammbali ngati nkhanu: mutu walunjika kutsogolo koma matayala akumbuyo sakuponda mmene aponda akutsogolo. Ambiri amati chasisi inapindika. Zimatheka ndithu, koma kawirikawiri vuto limakhala kabawuti kamodzi kochepa ngati chala.

Pa galimoto zakale monga Land Rover 109, ngakhalenso mapikiapu ambiri a masiku ano, matayala awiri akumbuyo amakhala pa chitsulo chimodzi chopingasa chotchedwa ekiselo. Amakanika amangoti difu, poti difuyo imakhala pakati pake. Ekiseloyi saiwotcherera ku chasisi ayi. Imagwiridwa ndi masipuling'i, zitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana zija, gulu limodzi kumanzere lina kumanja. Pakati pa gulu lililonse pamadutsa bawuti yotchedwa centre bolt, ndipo mutu wake umalowa m'kabowo ka pa ekiselo. Kenako ma U-bolt amapana zonsezo pamodzi. Ndiye kuti masipuling'i ali ndi ntchito ziwiri: kunyamula katundu komanso kusunga ekiselo pamalo pake.

Tsono taganizirani pikiapu yodzadza matumba a chimanga, anthu atakhalanso pamwamba, ikugunda maenje m'misewu yafumbi ya kumidzi ya ku Embangweni kapena Edingeni. Ma U-bolt amakhwepa pang'onopang'ono. Akakhwepa, mphamvu yonse ya mabuleki ndi ya maenje imatsikira pa kabawuti kaja, mpaka kamaduka. Mbali imeneyo ya ekiselo imatsetserekera kumbuyo.

Apa ndi pamene masamu a m'kalasi amalowerapo. Tayala limagubuduzika molunjika komwe laloza basi. Tinene kuti masipuling'i atalikirana mita 1, ndipo mbali yakumanja yabwerera mmbuyo ndi masentimita 5. Ndiye kuti tan θ = 5/100, kutanthauza kuti ekiselo yapotoka pafupifupi madigiri 3. Zochepa, eti? Dikirani kaye. Dzina loti 109 limachokera pa mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, womwe ndi mainchesi 109, pafupifupi masentimita 277. Chulukitsani 277 ndi 0.05, mupeza pafupifupi masentimita 14. Kumbuyo kwa galimoto kwatulukira kumanja ndi mlingo umenewo, kumene kukuchokera malole a pa M1. Zikachitikira kumanzere, ali pangozi ndi akabaza ndi ana asukulu oyenda m'mphepete mwa msewu. Dalaivala naye amakhala akukhotetsa chiwongolero nthawi zonse kuti galimoto isapatuke, ndipo akaponda mabuleki mwadzidzidzi imatha kumukokera mbali imodzi. Ekiselo ikatsetsereka kwambiri, propshaft imatha kusololoka.

Chosangalatsa n'chakuti kupeza vutoli sikulira kompyuta. Tepi yoyezera kapena chingwe chosatamuka n'chokwanira. Galimoto iime pamalo osalala. Makanika amasankha malo awiri ofanana pa chasisi, monga pomwe masipuling'i amangiriridwa kutsogolo, n'kuyeza kuchokera pamenepo kufika pa ekiselo, kumanzere ndi kumanja. Manambala afanane. Kenako amayeza mopingasa ngati X: kuchokera kumanzere kwa chasisi kufika kumanja kwa ekiselo, ndi kuchokera kumanja kufika kumanzere. Mukukumbukira kuti ma diagonal a rectangle amakhala ofanana? Lamulo lake ndi lomweli, ndipo ndi limene amisiri omanga nyumba amagwiritsa ntchito poyeza maziko. Kuyeza kwa X n'kofunika chifukwa ekiselo ikhoza kukhala yosapotoka koma itasendera mbali imodzi yonse, ndipo kuyeza koyamba kuja sikungaulule zimenezo.

Pokonza, ena amangolowetsa bawuti iliyonse yomwe yapezeka kuti ulendo upitirire. Kumeneko n'kusewera ndi miyoyo ya okwera, chifukwa chitsulo chofewa sichichedwa kudukanso. Pamafunika centre bolt yeniyeni ndi ma U-bolt atsopano, poti akale amakhala atatamuka kale. Mabawuti a kumapeto kwa masipuling'i amamangidwa komaliza galimoto itatsitsidwa pa jeke, itaima ndi matayala ake. Ikayenda maulendo angapo, ma U-bolt awakungenso, chifukwa zitsulo zosanjikizana zija zimakhazikika n'kusiya kampata.