Mmene Selo Imagawikira: Chinsinsi cha Kachewere ndi Kupola kwa Bala

Mlimi aliyense wa ku Angónia kapena ku Tsangano amadziwa kuti kachewere akabzalidwa amabereka wofanana ndi make. Koma ndi angati amene amadziwa chifukwa chake? Yankho lili mu phunziro la mitose limene ana amaphunzira ku sukulu za sekondale.

Chamoyo chilichonse, kaya munthu, mbuzi kapena mbewu, chinapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, tosaoneka ndi maso. Pakati pa selo pali kathumba kosunga timaulusi totchedwa makromozomu, ndipo timaulusito ndito timasunga malangizo onse a chamoyocho. Selo ya munthu ili ndi makromozomu 46, ya kachewere 48, ya anyezi 16.

Selo isanagawike imayamba yakopera kromozomu iliyonse kuti ikhale ndi inzake yofanana nayo. Kenaka pamatsata magawo anayi, amene m'mabuku a Chipwitikizi ali ndi maina awa.

Pa prófase timaulusi timapotana, nkufupika ndi kunenepa, ndipo khungu la kathumba kaja limaphwasuka. Pa metáfase makromozomu amandanda pakati pa selo ngati ana pa mzere wa m'mawa. Pa anáfase mapasa aja amalekana: wina amakokedwera mbali iyi, mnzake mbali inayo. Pa telófase mbali iliyonse imamanga kathumba kake. Pomaliza selo imadukana pakati, nkukhala maselo awiri okhala ndi malangizo ofanana ndendende.

Amene anafotokoza bwino zimenezi ndi Walther Flemming wa ku Germany. Iye anapereka dzinali m'chaka cha 1882, kuchokera ku mau a Chigiriki otanthauza ulusi.

Ndi mwa njira imeneyi mmene mwana amakulira, muzu wa chimanga umatalikira, ndi bala la khasu limapolera. Ndi chifukwa chakenso mlimi wanzeru amasankha mbewu ya kachewere ku phando lathanzi, pakuti zophukazo zidzatengera make.

Koma kugawikaku kuli ndi malire amene thupi limaika. Maselo akasiya kumvera malirewo nkumangochulukana, pamatuluka nthenda ya khansa. Nchifukwa chake munthu amene ali ndi chotupa chongokulirakulira, kapena chilonda chosapola, ayenera kupita ku chipatala msanga, nthenda isanafalikire m'thupi.