Pa Njinga m'Miseu ya Dothi ya ku Chongoni

M'miyezi ya Juni ndi Julayi tauni ya Dedza imadzuka mochedwa. Nkhungu imakuta phiri mpaka dzuŵa litakwera, ndipo chisanu chake chimaloŵa m'mafupa. Koma pa nthaŵi yomweyo miseu ya dothi yochokera m'midzi imakhala itadzaza kale ndi njinga. Wina wamanga thumba la mbatatesi pa keliyala, wina wanyamula kabichi, winanso wakweza mayi wodwala kupita naye kuchipatala. Kwa anthu ameneŵa mseu wa fumbi ndi miyala ndi mtolo wa tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri amalakalaka tsiku limene udzaikidwe tala.

Chodabwitsa ndi chakuti m'maiko ena muli anthu amene amasiya dala miseu ya tala nkumafunafuna miseu yonga yomweyi. Amaikonda chifukwa mulibe phokoso ndi utsi wa magalimoto, ndiponso chifukwa imafika kumene mseu waukulu sufika: kumapiri, kunkhalango ndi kumalo kumene makolo adasiya zizindikiro zawo.

Kumene maseŵeraŵa adayambira

Ku Italy, m'chigawo cha Tuscany, muli miseu ya miyala yoyera imene imazungulira minda ya mphesa ndi midzi yakalekale ya pamwamba pa zitunda. M'chaka cha 1997 bambo wina dzina lake Giancarlo Brocci adayambitsa ulendo wa pa njinga wotchedwa L'Eroica m'mudzi wa Gaiole in Chianti. Chimodzi mwa zolinga zake chidali chakuti miseu yoyerayo isungidwe monga momwe iliri. Oyamba kupalasa adali 92 okha, koma patapita zaka anthu zikwizikwi adayamba kufikako, atakwera njinga zachikale zachitsulo. M'chaka cha 2007 m'miseu yomweyo mudayambanso mpikisano wa akatswiri umene udadzatchedwa Strade Bianche, ndipo umathera mu mzinda wa Siena.

Ku America nako, m'tauni ya Emporia ku Kansas, anthu 34 adapikisana m'chaka cha 2006 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 320 wa miseu ya miyala. Pofika 2022 bungwe loyang'anira maseŵera a njinga pa dziko lonse lidachititsa mpikisano woyamba wopeza katswiri wa dziko lonse pa maseŵera a mtundu umenewu ku Veneto, ku Italy komweko. Makampani adapanganso njinga zake zapadera, za matayala okulirapo ndi magiya opepuka pachitunda.

Mlimi wa ku Dedza alibe njinga yotere, ndipo saisoŵa. Njinga yake yachitsulo, ikakhala yosamalidwa bwino, imakwera ndi kutsika zitunda zomwezo. Chimene iye ali nacho, chimene alendo amachilipirira ndalama zambiri, ndi mseu weniweniwo pamodzi ndi mbiri imene ili m'mbali mwake.

Ulendo wa ku Chentcherere

Tauni ya Dedza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kumwera kwa Lilongwe, ndipo ili pamwamba kuposa matauni ena onse m'Malaŵi muno. Phiri la Dedza limatalika mamita pafupifupi 2,200. Kuchokera m'tauni muli mseu wa dothi woloŵera kumpoto, umene umadutsa m'minda ndi m'mitengo ya paini ya nkhalango ya Chongoni, kufupi ndi sukulu ya ukachenjede ya za nkhalango. Wopalasa modekha amamva mbalame, amapatsana moni ndi anthu a m'njira, ndipo amaona matanthwe akuluakulu atatundumuka pakati pa mitengo.

Pansi pa matanthwe ameneŵa ndi pamene pali chuma cha dera lino. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamwala, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika dera lonseli pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a pa dziko lonse. Malo odziŵika kwambiri kwa alendo ndi atatu: Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Chentcherere ndiye ali pafupi ndi tauni, pa mtunda wopitirira pang'ono makilomita khumi, kotero kuti munthu akhoza kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo.

Zojambulazi ndi zamitundu iŵiri. Zofiira ndizo zakale kwambiri, ndipo akatswiri amati adajambula ndi Akafula, kapena kuti Abatwa, anthu amene ankakhala ndi moyo wosaka nyama ndi kutola zipatso Acheŵa asanafike. Zambiri mwa izo ndi mizere ndi zozungulira. Zoyera zidajambulidwa ndi Acheŵa, pogwiritsa ntchito dothi loyera ndi zala. Zina zimaoneka ngati chikopa cha nyama choyanikidwa kapena buluzi woonedwa kuchokera pamwamba, ndipo zimagwirizana ndi maphunziro a chinamwali cha atsikana. Zina, monga za ku Namzeze, zimasonyeza zilombo za Gule Wamkulu. Kujambula kumeneku kudapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1900.

Mapanga omweŵa adalinso pothaŵira. Pamene Angoni a Maseko adakhazikika m'dera la Dedza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Acheŵa ambiri adasiya midzi ya m'zigwa nakabisala m'mapiri. Tsono wopalasa njinga akamadutsa pansi pa zitunda zimenezi, akuyenda pamene makolo adayenda ndi ana kumbuyo, mitima ili m'mwamba.

Mphunzi ali patali ndithu, kumadzulo kwa mseu waukulu wa M1, ndipo kumeneko kuli zojambula zofiira ndi zoyera zomwe. Ulendo wake umafuna kulaŵirira m'mamaŵa ndi kunyamula kamba. Popeza njira zina n'zosokoneza, wanzeru amafunsa eni dera, pakuti safunsa adadya phula.

Mseu wa dothi uli ndi malamulo ake

Ngozi zambiri za pa njinga m'dera la mapiri zimachitika potsetsereka. Njinga yolemedwa ndi katundu imathamanga yokha, ndipo mabuleki otha saigwira. Wopalasa wodziŵa amayamba kuchepetsa liŵiro asanafike pokhota, amagwira mabuleki onse aŵiri pang'onopang'ono, ndipo amakhalira chakumbuyo kwa chishalo. Kugwira buleki yakutsogolo mwadzidzidzi pa timiyala toyendayenda kumaterereka tayala, munthu nkugwa chamutu. Mabuleki a labala sagwiranso bwino limu ikanyowa, kotero kuti ukangowoloka mtsinje ndi bwino kuwayesa usanafike pamtsetse. Kutsika ndi kukankha njinga pamalo oopsa si manyazi ayi. Akulu adati kuthamanga si kufika.

Pamchenga njinga imafuna kupalasa kosalekeza ndi mahandulo olunjika, chifukwa kukhota mwamphamvu kumazika tayala lakutsogolo. Pamabampu manja asaume gwa, koma zigongono zipindike pang'ono kuti zilandire kugwedezeka. Tayala lopopedwa kwambiri limadumphadumpha pamiyala, pomwe lofooka kwambiri limapanitsa chubu ku limu mpaka kuboola. Chishalo chikhale pamsinkhu woti bondo lipindike pang'ono chabe pamene pedulo ili pansi penipeni. Chishalo chotsika kwambiri ndicho chimapweteketsa maondo pachitunda.

Usanayambike ulendo, mwini njinga ayang'ane mabuleki, tcheni, masipoko ndi manati a mawilo. Anyamule pampu, zigamba, sulushoni ndi sipanala, popeza m'nkhalango mulibe okonza njinga. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene miseu yauma ndipo kunja kukuzizira. Nthaŵi ya dzinja dothi lofiira limaterera ndi kumatirira m'mawilo, ndipo mu Okutobala dzuŵa limatopetsa msanga.

Thupi la wopalasa

Kupalasa njinga kumalimbitsa mtima, mapapo ndi miyendo, ndipo sikupweteka mfundo za mafupa monga kuthamanga. Kumathandiza kupewa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene tsopano afika ndi m'midzi momwe. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse limalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Ulendo umodzi wa ku Chentcherere ukhoza kukwaniritsa gawo lalikulu la mphindi zimenezi. Komabe amene ali kale ndi matenda a mtima, kapena amene amamva kupweteka pachifuwa ndi chizungulire akamakwera chitunda, ayambe waonana ndi a zaumoyo.

Madzi akumwa akhale oŵiritsa kapena othira mankhwala, ndipo azimwedwa pang'onopang'ono ludzu lisanafike. Madzi a m'mitsinje ya m'njira, ngakhale aoneke oyera, akhoza kutsegula m'mimba. Chigumu, nthochi kapena mbatata yootcha zimabwezera mphamvu. Moŵa ndi njinga siziyendera limodzi.

Munthu akagwa, bala litsukidwe msanga ndi madzi oyera ndi sopo mpaka dothi lonse litachoka, kenaka liphimbidwe ndi nsalu yoyera. Lisathiridwe dothi, phulusa kapena ndowe. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'nthaka, nchifukwa chake bala lakuya kapena lakuda ndi dothi liyenera kukaonetsedwa kuchipatala tsiku lomwelo. Amene wamenyetsa mutu nayamba kusanza, kusinza kwambiri kapena kulankhula zosokonekera atengeredwe kuchipatala mosataya nthaŵi, ndipo asapalasenso yekha. Chisoti cha pa njinga chimateteza mutu ku ngozi zotere, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi moyo.

Mlendo asiye malo monga adawapezera

Zojambula zimene zapirira mvula ndi dzuŵa kwa zaka mazanamazana zikhoza kuonongeka m'tsiku limodzi. M'mapanga ena muli maina a anthu olembedwa ndi makala kapena choko pamwamba pa zojambula za makolo. Ena amazigwira ndi manja a thukuta, ena amazithira madzi kuti zioneke bwino, enanso amasonkha moto m'phanga mpaka mwaye kukuta mwala. Kudula mitengo yozungulira kumasiya matanthwe pamtetete. Chimene chafufutika sichibwereranso, ndipo malamulo a dziko amateteza malo ameneŵa.

Malo ena ndi opatulika kwa eni ake kufikira lero. Mlendo waulemu amatsamiritsa njinga yake patali, amaonekera kwa a mfumu kapena kwa woyang'anira malowo, namvera zimene auzidwa. Zinyalala zake amabwerera nazo kwawo.

Dzuŵa likapendeka, wopalasa amayamba ulendo wobwerera kuti afike kusanade, popeza miseu imeneyi ilibe nyale ndipo kuzizira kwa ku Dedza kumabwera msanga. Amafika ndi fumbi lofiira m'miyendo ndi njala yaikulu, koma waona ndi maso ake zimene ambiri amangozimva. Makolo ndi aphunzitsi a m'dera lino angachite bwino kusankha Loŵeruka limodzi m'chilimwe, kukonza mabuleki a njinga zawo, ndi kutenga ana okulirapo kuti akaone zimene agogo awo adalemba pamwala.