Alonda a mphepo pamwamba pa phiri la Washington

Ola likangokwana, kaya ndi masana kaya ndi pakati pa usiku, chitseko cha nyumba ya pamwamba pa phiri la Washington chimatsekuka ndipo munthu mmodzi amatuluka panja. M'nyengo yozizira amakhala atavala zovala zosanjikiza, magalasi otchinga maso ndi nsalu yophimba nkhope yonse, pakuti khungu likangoonekera kwa mphindi zochepa limapsa ndi chisanu. Amayang'ana mitambo, amaona pamene maso akulekezera, amayeza chinyezi cha mumpweya, kenaka n'kubwerera m'nyumba kukalemba zimene wapeza. Ola lina likakwana, amatulukanso. Ntchito yoyeza nyengo pamalowa yakhala ikuchitika kuyambira m'chaka cha 1932.

Phirili lili m'chigawo cha New Hampshire, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la United States, ndipo eni nthaka a kumeneko, a mtundu wa Abenaki, ankalitcha Agiocochook. Kutalika kwake ndi mamita 1,917, kotero nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ndi ya mamita 3,002, ikuliposa kutali. Koma kufupikako kusanamize munthu. Kwa masiku oposa theka la chaka nsonga yake imakhala m'chifunga. Pamwambapo sipanatenthepo kuposa madigiri seshasi 22, ndipo chipale chofewa chimene chimagwa pa chaka chimakwana pafupifupi mamita 7.

Gwero la mphepo

Chimene chinatchukitsa phirili ndi mphepo. Mikuntho yochokera kumadzulo, kumwera komanso m'mbali mwa nyanja ya Atlantic imadutsa m'dera lomweli. Mapiri a kumeneko anandandalika chopingasa njira ya mphepo yochokera kumadzulo, ndipo pa mtunda wautali palibe phiri lina lalikulu loti n'kuifooketsa. Ikafika pa Washington imasowa kolowera, choncho imapanikizika n'kudutsa pamwamba mwaliwiro, monga amachitira madzi a mumtsinje akafika pa mpata wopapatiza wa pakati pa miyala. Pa masiku oposa 100 pa chaka, mphepo ya pansongapo imafika liwiro la makilomita 119 pa ola, limene akatswiri a zanyengo amaliwerengera kuti ndi la namondwe weniweni.

Asilikali a boma la United States ndiwo anayamba kuyeza nyengo pamalowa m'zaka za m'ma 1870, koma ntchitoyo inaima mu 1892. Patapita zaka 40, amuna anayi, a Joe Dodge, a Bob Monahan, a Sal Pagliuca ndi a Alex McKenzie, anaiyambitsanso. Ankakhala m'kanyumba ka matabwa kamene anakamangirira pansi ndi maunyolo odutsa padenga kuti kasauluke.

Tsiku la 12 Epulo 1934

M'kanyumba kameneko ndimo munachitikira zimene zinamveka dziko lonse. M'bandakucha wa pa 12 Epulo 1934, a Wendell Stephenson, mmodzi wa oyeza nyengo, anaona kuti manambala a liwiro la mphepo achepa modabwitsa pamene nyumba ikugwedezeka. Anazindikira kuti madzi oundana amata chipangizo cha padenga. Anatenga chibonga, n'kukwera padengapo mphepo ikuwakankhira pamakwerero, ndipo anaphwanya madzi oundanawo. Chipangizocho chitayambanso kuzungulira bwino, manambala anakwera.

Masiku amenewo kunalibe kompyuta. Chipangizocho chinkatumiza kaphokoso m'nyumba, ndipo oyezawo ankawerenga kulira kwake atagwira wotchi m'manja. Nthawi itakwana 1:21 masana, a Pagliuca anapeza kuti mphepo yafika makilomita 372 pa ola. Nkhawa yawo yoyamba inali yakuti mwina anthu sadzawakhulupirira. Chipangizocho anatsika nacho n'kukachiyezetsa kwa akatswiri a boma, ndipo zinatsimikizika kuti sichinaname.

Kwa zaka 62 panalibe malo ena padziko pamene anayezapo mphepo yoposa imeneyi. Mu Epulo 1996 namondwe wotchedwa Olivia anafika makilomita 408 pa ola pa chilumba cha Barrow ku Australia, ndipo bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linavomereza nambalayi mu 2010. Komabe ku Barrow anayeza ndi makina opanda munthu pafupi. Ya ku Washington idakali mphepo yamphamvu koposa imene anthu anaiyeza iwo ali pomwepo.

Sabata yathunthu pamwamba

Kuyambira mu 1980 oyeza nyengo amagwira ntchito m'nyumba ya konkire yotchedwa Sherman Adams, imene ili ndi nsanja yoikapo zipangizo. Alipo magulu awiri amene amasinthana Lachitatu lililonse: gulu lina likamakwera, lina limatsika kukapuma sabata imodzi. M'chilimwe cha kumeneko ulendowu ndi wosavuta, chifukwa pali msewu wa makilomita 12 umene unatsegulidwa mu 1861, komanso njanji ya sitima imene inafika pansonga mu 1869. M'nyengo yozizira msewu umakwiririka, ndipo amakwera pa chigalimoto choyenda ndi matcheni ngati katapila, chimene chimakankha chipale kutsogolo kwake. Nyengo ikaipa kwambiri, kusinthanako kumalephereka, ndipo amene ali pamwamba amangodikira.

Pagulu lililonse ena amagwira masana, wina usiku, maola 12 aliyense. Pamakhalanso ophunzira ntchito, ndiponso anthu ongodzipereka amene amaphika chakudya. Chakudya chamadzulo amadyera pamodzi, ngakhale kuti kwa wa usiku chimenecho ndicho kadzutsa. Palinso mphaka. Kuyambira masiku oyambirira pamalowa pakhala pakusungidwa amphaka ogwira mbewa ndi kuchotsa anthu phukwa. Mphaka wotchedwa Marty anasankhidwa ndi mavoti a anthu mu 2008 ndipo anakhala pamwambapo mpaka imfa yake mu 2020. Amene analowa m'malo mwake mu 2021 ndi Nimbus, dzina la mtundu wa mitambo ya mvula.

Chifukwa chake makina paokha sakwanira

Wina angafunse chifukwa chimene anthu amavutikira chotere pamene masiku ano kuli makina oyeza okha. Yankho lili m'chifunga. Timadontho ta madzi ta m'chifunga cha pamwambapo timatha kuzizira kupitirira ziro osaundana. Tikangogunda chinthu cholimba timauma nthawi yomweyo, ndipo timaunjikana ngati nthenga zoyera zoloza kumene mphepo ikuchokera. Pa ola limodzi nthengazi zimatha kukula masentimita angapo. Chipangizo chosiyidwa chokha chimakwiririka n'kuyamba kupereka manambala abodza, kapena kuthyoka kumene. N'chifukwa chake woyeza nyengo amakwera pansanja ndi nyundo kapena chitsulo kukagumula madzi oundanawo, nthawi zina ola lililonse usiku wonse.

Zipangizo zina zimene amadalira n'zachikale ndithu. Poyeza chinyezi amagwiritsa ntchito timachubu tiwiri toyezera kutentha tomangidwa pamodzi, kena kokulungidwa kansalu konyowa kumapeto kwake. Woyezayo amatizunguza m'mwamba ndi dzanja. Madzi a pakansalu akamauma amaziziritsa kachubuko, ndipo kusiyana kwa manambala a timachubu tiwirito kumasonyeza kuchuluka kwa chinyezi: mpweya ukakhala wouma, kusiyanako kumakula. Maola 6 aliwonse amakatenga chitini cholandira mvula ndi chipale, n'kusungunula zimene zagweramo kuti ayeze madzi ake. Kukayera, maso amafika mtunda wa makilomita pafupifupi 200, mpaka kuona nyanja ya Atlantic ikunyezimira kum'mawa. Chifunga chikatseka, munthu saona ngakhale pamene akuponda.

Pa 3 ndi 4 Febuluwale 2023 ntchitoyi inayesedwa kwambiri. Kunazizira mpaka madigiri 44 pansi pa ziro, mphepo ikupitirira makilomita 200 pa ola. Kuphatikiza ziwirizi, kuzizira kumene thupi la munthu likanamva kunafika madigiri 78 pansi pa ziro. Oyeza nyengo anapitiriza kutuluka ndi kulemba usiku wonsewo.

Manambala opulumutsa moyo

Zimene amalemba zimatumizidwa ku nthambi ya boma yoona zanyengo, imene imaziphatikiza ndi za malo ena polosera nyengo ya chigawo chonse. Oyezawo amalembanso ulosi wapadera wa nsonga za mapiri, umene anthu okwera mapiri ndi magulu opulumutsa anthu amawerenga asananyamuke. Ulosiwu ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Anthu oposa 150 afera pa phirili ndi mapiri oyandikana nalo kuyambira mu 1849, ndipo ena mwa iwo anafa ndi kuzizira. Ena ananyamuka m'munsi dzuwa likuwala, atavala zopepuka. Mu Sepitembala 1855 mtsikana wina, Lizzie Bourne, anafa usiku m'chifunga, ndipo kutacha anzake anaona kuti nyumba yogona alendo inali pafupi pomwepo. Safunsa anadya phula: zikwangwani za m'njira zokwerera phirili zimachenjeza anthu kubwerera nyengo ikayamba kuipa, ngakhale m'chilimwe.

Phindu lina limaoneka pakapita zaka. Bungwe la WMO limawerengera nyengo ya malo potenga zaka 30, ndipo malo a pamwamba pa mapiri amene ali ndi kaundula wa zaka zoposa 90 ndi ochepa padziko. Kaundula wa ku Washington akusonyeza kuti deralo likutentha, ndipo m'munsi mwa phiri, pamalo otchedwa Pinkham Notch, kwatentha mofulumira kuposa pansonga. Palibe munthu akanadziwa zimenezi pongoyang'ana chaka chimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchito yake ndi yofanana ndi ya munthu amene amawerenga chitini cha mvula m'mawa uliwonse ku Chitedze, ku Bvumbwe kapena ku Makoka. Onsewa amatsata malamulo amodzi a kayezedwe, ndipo ulosi umene mlimi amamva pa wailesi umayambira pa manambala otere. Tsiku limene woyeza wajomba limasiya mpata m'kaundula umene sungadzatsekedwenso, chifukwa nyengo ya dzulo siyezedwa lero.

Bungwe loyendetsa malo a pa Washington si la boma. Limadalira zopereka za mamembala ake, mapangano a kafukufuku ndi maphunziro amene limapereka kwa ana a sukulu ndi alendo. Ndalama zimenezo ndizo zimagula mafuta a chigalimoto cha matcheni ndi chakudya cha sabata, kuti Lachitatu likafika gulu lina likwere, ndipo ola likakwana papezeke munthu wotsekula chitseko chija.