Ndani amayankha mafoni onsewa nthawi imodzi?

Mwezi ukatha, ogwira ntchito m'migodi ya Impala akalandira malipiro, mafoni a ku Freedom Park, ku Rustenburg, sapuma. Bambo akutumiza ndalama kwa agogo ku Mzimba, amayi akuimbira azakhali pa WhatsApp. Ku Johannesburg ndi ku Durban nakonso anthu miyandamiyanda ali pa zomwezo. Kodi onsewa amawayankha ndani?

Amawayankha ndi makompyuta amphamvu otchedwa maseva. Sakhala m'foni ayi. Amakhala m'zinyumba zikuluzikulu zozizira bwino, monga za kampani ya Teraco ku Isando, pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Koma seva nayo imatopa. Anthu akaichulukira imayamba kuchedwa, kenako imangoti zii.

Munapitako pa renki ya mataxi ku Rustenburg? Pamakhala munthu woyang'anira mzere. Minibasi ina ikadzaza amalozera anthu ina, ndipo yowonongeka sakwezamo munthu. Maseva nawo ali ndi wowagawira ntchito wotere, dzina lake load balancer. Pempho lililonse lochokera pafoni limayamba lafika kwa iye, ndipo amalipereka kwa seva imene ili ndi mpata. Pakapita masekondi ochepa amafunsa seva iliyonse kuti, "Uli maso?" Ikapanda kuyankha kangapo, amaidumpha mpaka itachira. Inu simudziwa n'komwe kuti ina yagona.

Nanga chinyumba chonsecho chitapsa, kapena magetsi atazima majenereta n'kukanika? N'chifukwa chake makampani samaika maseva onse malo amodzi. Mu 2019, Microsoft inatsegula malo ake awiri, ku Johannesburg ndi ku Cape Town, mizinda yotalikirana makilomita oposa 1,000. Chovuta kwambiri n'kuonetsetsa kuti malo onsewo azidziwa zofanana. Bambo akatumiza R500, maseva akutaliwo ayenera kuuzidwa msanga, kuopa kuti ndalama ingasowe kapena kuchotsedwa kawiri. Kwa ine, apa ndi pamene pagona luso lenileni la akatswiri oyang'anira maseva.

Ngakhale zili choncho, zinthu zimasokonekerabe. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima dziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Maseva analipo, ambirimbiri, koma panalakwika zina pokonza njira zolumikiza malo awo, moti mafoni anasowa polowera.