Mvula ndi Masewera a Kiriketi

M'nkhani yathu ya lero tikambirana za kiriketi, masewera amene amakondedwa kwambiri ku India, Pakistan, Sri Lanka, England ndi Australia, ndiponso kwa anansi athu a ku Zimbabwe ndi South Africa. Makamaka tiona chifukwa chake mvula, imene mlimi amaidikira ndi mtima wonse, imasautsa eni masewera amenewa.

Osewera mpira wa miyendo amapitiriza kusewera ngakhale mvula ikugwa, koma a kiriketi satero. Pakati pa bwalo lawo pali kachigawo ka dothi lotsendereka bwino, kotalika mamita 20, pamene woponya amagwetsa mpira kuti unjanje usanafike kwa womenya. Dothilo likanyowa, mpira umene uli wolimba ndi wokutidwa ndi chikopa umanjanja mosayembekezeka, ndipo ungathe kuvulaza munthu. Motero mvula ikangoyamba, oweruza amaimitsa masewera, antchito nathamanga ndi malona kukaphimba dothilo.

Vuto lenileni limabuka pa mpikisano wa tsiku limodzi. Pa mpikisano wotere timu iliyonse imapatsidwa maova 50, ndipo ova imodzi ndi mipira 6 yoponyedwa motsatizana. Timu yoyamba imasonkhanitsa mapointi ake, kenaka yachiwiri imayesetsa kuwapitirira. Nanga mvula ikadya nthawi ya timu yachiwiri, timuyo iyenera kupeza mapointi angati kuti tinene kuti yapambana mwachilungamo?

Funso limeneli linaonekera poyera pa 22 Malichi 1992 mumzinda wa Sydney, pamene England ndi South Africa zinakumana m'ndime ya matimu anayi ya chikho cha dziko lonse. South Africa inkafunika mapointi 22 pa mipira 13, chinthu chovuta koma chotheka, pamene mvula inagwa kwa mphindi 12 zokha. Lamulo la nthawi imeneyo linkachotsa maova amene timu yoyamba inapezamo mapointi ochepa kwambiri. Osewera atabwerera m'bwalo, bolodi lolembapo mapointi linaonetsa kuti South Africa ikufunika mapointi 22 pa mpira umodzi wokha, chikhalirecho kumenya kumodzi kwamphamvu kumabala mapointi 6 basi. England inapita ku ndime yomaliza, koma aliyense anaona kuti lamulolo linali lokhota.

Akatswiri awiri a masamu a ku England, Frank Duckworth ndi Tony Lewis, anakonza njira ina. Iwo anati timu ili ndi chuma cha mitundu iwiri: maova otsala, ndi osewera amene sanatulutsidwe. Zili ngati munthu wa paulendo amene amawerengera dzuwa lotsala pamodzi ndi kamba wotsala m'thumba. Mvula ikachotsa gawo la chumacho, mapointi ofunika amasinthidwa molingana ndi gawolo. Njirayi inayamba kugwira ntchito pa mpikisano wa maiko pa 1 Januwale 1997 ku Harare, pamene Zimbabwe inagonjetsa England. Bungwe loyendetsa kiriketi pa dziko lonse la ICC linaivomereza mu 1999, ndipo kuyambira mu 2014 imatchedwa Duckworth-Lewis-Stern, potsatira dzina la Steven Stern wa ku Australia amene anaikonzanso.

Komatu masamu ali ndi malire ake. Kuti papezeke wopambana pa mpikisano wa tsiku limodzi, timu iliyonse iyenera kusewera maova osachepera 20. Mvula ikagwa tsiku lonse, palibe chowerengera. Apa m'pamene tiyenera kutembenukira ku maiko a kumwera kwa Asia, kumene kuli okonda kiriketi ochuluka koposa, kumenenso kuli mvula yotchedwa monsuni.

Dzina limeneli linachokera ku mawu a Chiarabu otanthauza nyengo. M'miyezi ya Epulo ndi Meyi, dziko la India limatentha msanga kuposa nyanja. Mpweya wotentha umakwera kumwamba, ndipo mphepo yachinyezi yochokera ku nyanja yamchere ya India imathamangira kumtunda kukalowa m'malo mwake. Mvula imafika ku Kerala chakumayambiriro kwa Juni, nkufalikira dziko lonse mpaka Sepitembala, ndipo imapereka pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mvula yonse ya pachaka. Itatha imeneyi, mphepo imatembenuka, ndipo kuyambira Okutobala mpaka Disembala mvula ina imagwa ku gombe la kummawa, kumene kuli mzinda wa Chennai. Mzinda wa Colombo ku Sri Lanka umalandira monsuni kuyambira Meyi mpaka Sepitembala, kenaka mvula yamabingu mu Okutobala ndi Novembala.

Zonsezi n'zodziwika kalekale, komabe mipikisano ikuluikulu yakhala ikuikidwa ku Colombo m'miyezi yomweyi. Mu 2002 ndime yomaliza ya chikho cha Champions Trophy, pakati pa Sri Lanka ndi India, inaseweredwa pa 29 Sepitembala. Sri Lanka inamaliza maova ake 50, koma India itangosewera maova awiri, mvula inatsika. Lamulo linati mmawa mwake ayambirenso pachiyambi. Sri Lanka inamalizanso maova 50, ndipo mvula inabweranso India ili pa ova yachisanu ndi chinayi. Masiku awiri, maova opitirira 110, wopambana osapezeka: matimu awiriwo anagawana chikho. Mu Sepitembala 2023, pa chikho cha maiko a ku Asia, mpikisano wa India ndi Pakistan ku Pallekele unathera panjira, ndipo wina wa ku Colombo unamalizidwa pa tsiku lachiwiri. Mu Okutobala 2025, pa chikho cha dziko lonse cha amayi, mipikisano ingapo ya ku Colombo inathanso popanda wopambana.

Mwina mukufunsa kuti: kodi atsogoleri a masewerawa sadziwa nyengo? Amaidziwa ndithu, koma chaka chawo n'chodzaza. Miyezi ya Epulo ndi Meyi inatengedwa ndi ligi ya ndalama zambiri ya IPL, imene inayamba ku India mu 2008. Maiko ena nawo ali ndi maligi ndi maulendo awo, ndipo makampani a wailesi yakanema amene amalipira ndalama zochuluka amafuna masewera chaka chonse. Palinso nkhani ya ndale. Chifukwa cha kusamvana kwa India ndi Pakistan, matimu awo amakumana m'dziko lachitatu, ndipo nthawi zina Sri Lanka ndiyo imasankhidwa. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Nayenso wosankha Colombo mu Okutobala wasankha ndi mitambo yake yomwe.

Njira zochepetsera vutoli zilipo. Antchito a m'mabwalo a ku Sri Lanka amatchuka chifukwa chophimba bwalo lonse ndi malona, kotero kuti mvula ikakata masewera amayambanso msanga. Bwalo la Dambulla, limene linatsegulidwa mu 2001, linamangidwa dala m'chigawo chouma cha dzikolo. Masiku ano mipikisano yomaliza imakhala ndi tsiku lapadera, ndipo masewera amapitirira pamene analekezera m'malo moyambiranso. Koma zonsezi zimangothandiza mvula itagwa kale. Wotaya kwambiri ndi munthu wamba amene anasunga ndalama, nayenda ulendo wautali, nakhala tsiku lonse akuyang'ana malona. Ndiponso timu yaing'ono imene mwayi wake umodzi wogonjetsa timu yaikulu wakokoloka ndi madzi.

Mlimi wa kwathu kuno sayanika chimanga pabwalo mu Januwale, chifukwa amadziwa kuti nyengo siimva za munthu. Atsogoleri a kiriketi akamakonza ndondomeko ya masewera a chaka, ayenera kuyamba ayang'ana miyezi ya mvula ya dziko lililonse, kenaka n'kuwerengera ndalama.